Amalawa, amayamikira, koma sabweranso

Achimwene ena a ku Woodlands anditumizira imelo. Amafulula mowa wawo, atsegula kachipinda kolawiramo, anthu amabwera n'kuyamikira, koma sabweranso. Akufunsa kuti alakwitsa pati.

Funsoli landilasa, chifukwa ineyo ndine mmodzi wa osabwererawo. Mnzanga wina ananditengera kumalo otere konkuno ku Lusaka. Mnyamata wa pakauntala anangondithirira IPA, mtundu wa mowa wowawa kwambiri, osafunsa n'komwe kuti ndimamwa chiyani. Nditakwinya nkhope ndi kuwawa kwake, iye phwiti, amvekere, "Bwana, lilime lanu linazolowera Mosi." Ndinalipira tambula imodziyo n'kunyamuka. Mwina mowawo unali wabwino ndithu, koma munthu wakuseka sumusiyira ndalama zako kawiri.

Inde, tinazolowera Mosi, ena Chibuku, nanga ndi mlandu? Kulawa si kwachilendo kwa ife. Kumudzi ku Chipata, mayi wofulula masese amayamba wakupatsa kachipanda ka malawa, akuyang'ana nkhope yako, kenako m'pamene mukambirane mtengo. Achinyamata ena ofulula masiku ano amafuna kasitomala agome ndi nzeru zawo za hops (zomera zopatsa mowa kuwawa ndi fungo), m'malo moti iwo agome naye. Ndikunena mosabisa, achimwene: zimenezi ndi matama.

Komatu ndalama yanu ili m'chipindamo. Tambula yogulitsa pakauntala panu ilibe wamaoda kapena sitolo yodyapo, phindu lonse ndi lanu. Wokhutira amaitanitsa yachiwiri, amanyamula ya kunyumba, Loweruka lotsatira n'kubwera ndi anzake. Wokhumudwa sadandaula, amangoti "zikomo, unali bwino," basi.

Nanga magetsi?

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba, tonse tinaona mmene magetsi ankazimira. Mowa wambiri wa ofulula ang'onoang'ono sutenthetsedwa kuti ukhalitse ngati wa m'mafakitale, ndiye ukafunda umachita thovu lokhalokha ndipo suchedwa kusasa. Woyamba kumene sangadziwe kuti vuto ndi firiji, amangoti mowa wanu ndi woipa. Jenereta kapena sola muziganizire musanagule mipando yokongola.

Tsono yankho lanu: mgolo wa mowa ukhale wozizira pa madigiri 4 Celsius, mapaipi muzitsuka milungu iwiri iliyonse. Wothira azifunsa kaye zomwe munthu amamwa, ayambe ndi wopepuka, wowawa pambuyo. Pakhale michopo kapena chikanda, ndipo Airtel Money ndi MoMo zizigwira ntchito.