Nkhanu za ku Delaware Bay ndi khoka la amalume

Mayi wina wokhala ku New Jersey, chigawo cha ku America chomwe chili m'mbali mwa nyanja ya Delaware Bay, wandilembera imelo. Akufunsa kuti boma la kumeneko linaletseranji asodzi kugwira nkhanu zija amati horseshoe crab, chonsecho mu Meyi zimachita kudzaza gombe. Akuti lamulolo ndi loteteza mbalame ina imene imadya mazira a nkhanuzi. Kodi mbalame yaposa munthu?

Mayi, mwandiponda pachilonda. Ine ndinakulira kwa amalume, msodzi wa ku Mangochi. Chaka china nyanja ili yotseka, iwo analowabe usiku poti ufa unali utatha, fizi yanganso inali isanalipidwe. Anawagwira m'bandakucha. Khoka analanda, nsomba analanda, amalume n'kufika pakhomo ndi nkhafi yokha paphewa, kabudula ali chonyowa. Sanatsegule pakamwa. Anakhala pakhonde n'kumasoka kachidutswa ka ukonde wakale mpaka dzuwa kupendeka, ife tikuwazungulira patali. Usiku womwewo mabwato a injini a anthu andalama tinkawamva akulira pakati pa nyanja. Mpaka lero wina akati "tikuteteza chilengedwe", ndimayamba ndafunsa kuti agone ndi njala ndani.

Koma amalume omwewo atakalamba ankatukwana anzawo amene ankagwira chambo chili ndi ana m'kamwa. Ndiye musaganize kuti ndikhala mbali ya asodzi. Lamulolo ndi labwino, ndipo linachedwa.

Mbalameyo ndi red knot, kakang'ono ndithu. Zina zimanyamuka ku Tierra del Fuego, kunsonga kwa South America, kukaikira mazira ku Arctic, kumpoto kozizira kwambiri kwa Canada, mtunda wa makilomita pafupifupi 15,000. Zikamatera ku Delaware Bay mu Meyi zimakhala zatheratu, ndipo pa masabata awiri ziyenera kunenepa kufika magalamu ngati 180. Chakudya chake ndi mazira a nkhanuzi. Tsono nkhanu imakwirira mazira mumchenga, pomwe mlomo wa mbalameyi sufika. Imadya okhawo amene afukulidwa ndi mafunde kapena ndi nkhanu zina pokumba zisa zawo. Nkhanu zikangochepa pang'ono, inu muzionabe pagombe, koma mbalame ifa ndi njala. Zimafunika zochuluka mochita kupondana.

M'zaka za m'ma 1990 anthu ankazikweza m'malole kukachita nyambo yogwirira mikunga ndi nkhono zam'nyanja, makamaka zazikazi za mazira. Nkhanuyi imatenga zaka pafupifupi 10 kuti iyambe kuswana, ndiye ukawononga lero, mwana wako ndi amene adzadikire. Bungwe loyang'anira usodzi kugombe la kum'mawa kwa America, la Atlantic States Marine Fisheries Commission, linakhazikitsa ndondomeko ya kagwidwe ka nkhanuzi mu 1998, New Jersey n'kuletseratu mu 2008. Kuyambira 2013, nkhanu zazikazi za ku Delaware Bay sizigwidwanso ngati nyambo. Mu 2014 boma la America linalengeza kuti red knot ili pachiopsezo.

Nanga za magazi a nkhanuzi?

Apa ndiye mtima umandiwira. Nkhanuzi magazi ake ndi abuluu, ndipo makampani amazikhetsa kuti apange mankhwala oyezera ngati katemera ndi majekeseni alibe poizoni wa mabakiteriya. Akamaliza amazibweza m'madzi, zina n'kufa. Chonsecho asayansi a ku Singapore anapanga kale cholowa m'malo mwake, chotchedwa rFC, ndipo kampani yopanga mankhwala ya Eli Lilly inayamba kale kuchigwiritsa ntchito. Msodzi wa kabwato mwamuletsa, chabwino. Makampani okhetsa magaziwa bwanji akusintha mwachidodo chonchi? Ndi aja a injini ankalira usiku aja. Ndipo msodzi woletsedwayo bwenzi akuthandizidwa kupeza nyambo ina, osati kungomuuza za mbalame.

Inu mayi, musatole nkhanu ngakhale imodzi. Magombe ena amatsekedwa nyengo imeneyi, galu wanu asakathamangitse mbalame. Ngati nkhanu zogadama zikukumvetsani chisoni, lowani gulu la anthu odzipereka la reTURN the Favor, akuphunzitsani kuzitembenuza pogwira m'mphepete mwa chigoba, osati mchira.