Tarantula wanga wasiya kudya, kodi ndi kuzizira?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Leeds, ku England. Ndaidula pang'ono, koma mutu wake ndi uwu: "Mwana wanga wa zaka 12 anandiumiriza mpaka ndinamugulira tarantula, kangaude wamkulu waubweya, wa mtundu wa Chilean rose. Miyezi yoyamba ankadya nkhululu ziwiri pa sabata, koma pano patha masabata 7 osalawa kanthu. Kumene tinagulako anati mwina akuzizidwa, ndiye tinagula heat mat, kamphasa kamagetsi kotenthetsa, n'kuyala pansi pa bokosi lake lagalasi. Chiyalireni, kangaudeyu wangokakamira kumtunda kwa galasi, sakutsikanso. Kodi afa? Mwana sakugona tulo."

Mayi, zikomo pondilembera. Musanapitirize kuwerenga, pitani mukazimitse kaye heat mat ija.

Ndiyambe ndi njalayo, chifukwa ndi imene yakusowetsani mtendere ngakhale kuti siyoopsa kwenikweni. Ife tinaleredwa kuti mlendo akakana nsima ndiye kuti wadwala kapena tamulakwira, ndipo mtima womwewo timapita nawo kwa ziweto. Kwa galu kapena nkhuku zimenezo n'zoona. Tarantula thupi lake limagwira ntchito pang'onopang'ono kwambiri. Salipangira lokha kutentha ngati ife, ndipo tsiku lonse amangokhala phee pakhomo pa dzenje lake, choncho chakudya chochepa chimamufikitsa kutali. Pa mitundu yonse imene anthu amaweta, Chilean rose, amene akatswiri amamutcha Grammostola rosea, ndiye wotchuka ndi khalidwe losala kudya. Kwawo ndi kumpoto kwa Chile, m'madera ouma oyandikana ndi chipululu cha Atacama, kumene tizilombo sitipezeka chaka chonse. Tarantula wanga wamkazi anakhalapo miyezi 11 osadya, ine n'kumangowononga ndalama pa nkhululu, kenako tsiku lina anagwira mphemvu ngati kuti dzulo lake anadya. Masabata 7 kwa iye si nthawi yoti n'kuiwerengera.

Choti muyang'ane ndi mimba yake, chibulunga chakumbuyo chija. Ikakhala yonenepa ndi yosalala, yofanana kapena yoposa pang'ono chigawo chakutsogolo kumene kwamera miyendo, ali ndi nkhokwe yokwanira. Ikafota n'kuchita makwinya, vuto ndi ludzu, ndipo ludzu ndi limene limapha msanga kuposa njala. Muikemo kambale kosaya ka madzi oyera, kazikhala kodzaza nthawi zonse. Siponji kapena thonje musaikemo. Anthu amaopa kuti amira, koma samira, ndipo siponjiyo imangosunga tizilombo ta matenda.

Chifukwa china chosiyira kudya ndi kufundula. Monga njoka, tarantula amavula chikopa chakale kuti akule, wamkulu kamodzi pa chaka kapena patapita nthawi yoposa chaka. Nthawiyo ikamayandikira amakana chakudya kwa masabata kapena miyezi, amachita ulesi, mtundu wake umazirala, ndipo ngati ali ndi dazi pamimba, dazilo limada bii. Dazi limenelo limabwera chifukwa akakwiya amapalasa ubweya wa pamimba ndi miyendo yakumbuyo n'kuuwaza kwa mdani. Ubweyawo umayabwa ngati chitedze, ndipo ukalowa m'maso ndi nkhani ya kuchipatala, ndiye mwana asamaike nkhope pafupi, ndipo azisamba m'manja akagwira za m'bokosimo.

Tsiku lofundula mudzamupeza atagona chagada, miyendo m'mwamba. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amaganiza kuti wafa, amamutembenuza, ena mpaka kumutaya m'bini ali moyo. Musamukhudze, musamuuzire mpweya, musamuwaze madzi. Ntchitoyo imatenga maola angapo, nthawi zina usiku wonse. Tarantula amene akufa sagona chagada kawirikawiri. Amakhala chafufumimba, miyendo atayipindira kunsi kwa thupi ngati chibakera. Akamaliza kufundula thupi lonse limakhala lofewa, ngakhale mano. Manowo amayamba oyera, kenako ofiirira, kenako akuda, ndipo mudikire ade kaye musanamupatse chakudya, pafupifupi masabata awiri kwa wamkulu. N'chifukwa chakenso nkhululu yosadyedwa isamagone m'bokosi kupitirira tsiku limodzi. Nkhululu imaluma, ndipo ikapeza kangaude ali wofewa imatha kumudya ali moyo.

Tibwerere ku heat mat. Kutchire kutentha kumachokera kumwamba, ku dzuwa. Tarantula akatenthedwa nzeru yake ndi imodzi yokha, kukumba n'kulowa pansi kumene kuli kozizirira. Mukaika moto kunsi kwa bokosi, akamakumba kuthawa kutentha ndi pamene akuyandikira motowo, ndipo sadziwa kubwerera. Ambiri auma motero ali m'dzenje mwawo. Wanu ndi wamwayi kuti wathawira kumtunda.

Ndikukayikiranso chinthu china. Dothi la makoko a kokonati limene amagulitsa m'mashopu a ziweto limabwera ngati njerwa yoti muviike m'madzi, ndipo anthu ambiri amalithira m'bokosi lisanaume. Likatenthedwa kunsi, chinyezi chonse chimakwera, galasi n'kuchita thukuta. Chilean rose amadana ndi dothi lonyowa. Mapapo ake ali kunsi kwa mimba, ndipo akaponda ponyowa amakwera khoma kapena kuima pamwamba pa khungwa lake lobisalamo masiku ambirimbiri. Kukwerako n'koopsa pakokha. Mimba ya tarantula ndi yofewa ngati dzira lopanda chikamba, akagwa kuchokera patali imaphulika ndipo palibe dokotala angaisoke. Choncho lolani dothi liume ndithu, ndipo muwonjezere lina louma mpaka mtunda wochoka padothi kufika pachivindikiro usapose utali wa miyendo yake itatambasuka, kuwonjezapo theka lake.

Nanga kuzizira kwa ku Yorkshire, dera limene kuli Leeds? Lamulo limene oweta ambiri timatsata ndi loti ngati inu mukukhala bwino m'chipindamo mutavala malaya wamba kapena juzi yopepuka, nayenso ali bwino. Madigiri 20 mpaka 25 a Celsius ndi okwanira, ndipo kutsika pang'ono usiku sikumupweteka, pakuti kuchipululu kwawoko usiku kumazizira. Gulani kachipangizo koyezera kutentha mukaike m'bokosi momwemo, musamangoganizira. Mukaona kuti chipinda chikumakhala pansi pa madigiri 18 masiku otsatizana, njira yabwino ndi kusamutsira bokosi m'chipinda chofundirapo, kutali ndi zenera komanso osaligundika ku radiator, chitsulo chotenthetsera m'nyumba chija, chifukwa radiator imaumitsa mpweya koopsa. Ndikudziwa mtengo wa magetsi ndi gasi kunoko, sindingakuuzeni kuti muzitenthetsa nyumba yonse chifukwa cha kangaude. Ngati heat mat ikufunikabe, imateni kunja kwa galasi cha m'mbali, mbali imodzi yokha, pamwamba pa mzere wa dothi, ndipo ilumikizidwe ku thermostat yoizimitsa ikafika madigiri 25. Mbali inayo ikhale yozizirira kuti azisankha yekha pokhala. Babu lotenthetsa la abuluzi lisayandikire n'komwe.

M'nyengo yozizira adzadya mochepa ndithu, ndipo si cholakwika. Muzimuyesa nkhululu imodzi kapena mphemvu ya dubia kamodzi pa masabata awiri, madzulo. Akaikana, chotsani m'mawa mwake. Ziwala za kumunda kapena mphemvu za m'nyumba musamupatse, zimakhala ndi mankhwala opopera.

Simunandiuze ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi, ndipo apa pali nkhani yoti mumukonzekeretse mwana. Wamwamuna akafundula komaliza amakhala ndi miyendo yaitali yowonda, tingowe kunsi kwa miyendo iwiri yakutsogolo, ndi timatumba kumapeto kwa timanja tiwiri ta pafupi ndi kamwa. Woteroyo chakudya alibe nacho ntchito kwenikweni, amangozungulira bokosi kusaka mkazi, ndipo amatsala ndi chaka chimodzi kapena ziwiri. Wamkazi amatha kufika zaka 20, kutanthauza kuti mwana wanuyo adzapita ku yunivesite, kangaude n'kutsala ndi inu. Munditumizire chithunzi cha miyendo yakutsogoloyo ndione. Akadzafundula, chikopa chakalecho musataye. Mkati mwake, pakati pa mapapo awiri akutsogolo, ndi pamene timaonera motsimikiza ngati ali wamkazi.