Yankho kwa mbale wa ku Moatize amene graphics card yake ikuzima pakati pa masewera

Imelo imene ndikuyankha lero yachokera kwa mbale wina wa ku Moatize. Anagula graphics card (khadi lotulutsa zithunzi pa sikirini ya kompyuta) ya mtundu wa RX 580 yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo akayamba kusewera GTA V kapena mpira, pakapita kanthawi mafani amalira mokweza, sikirini imachita mdima, nthawi zina kompyuta yonse imazima. Amene anamugulitsa akuti vuto ndi masewerawo, akuti ndi olemera ndipo awotcha khadi. Tsono akufunsa ngati asiye kusewera kapena ayambe kusunga ndalama zogulira lina.

Achimwene, ndiyamba ndi mawu a wogulitsayo chifukwa ndi amene andipweteka mtima. Kampani ya AMD inatulutsa RX 580 m'chaka cha 2017, ndipo inalipangira masewera, osati kulembera makalata. GTA V inatuluka pa kompyuta mu 2015, kutanthauza kuti masewerawo ndi akale kuposa khadi lenilenilo. Munthu akakuuzani kuti khadi lotere lafa chifukwa munasewera nalo, akukuuzani kuti lafa chifukwa chogwira ntchito imene linapangidwira, ndipo mawu otere amayankhulidwa ndi munthu amene sakufuna kubweza ndalama.

Nkhani yanu ndikuidziwa chifukwa inachitikapo m'nyumba mwanga. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anakulira ku Ulongwe, m'boma la Angónia, ndipo atabwera kudzakhala nane mumzinda wa Tete chifukwa cha sukulu, anabwera ndi kompyuta imene anaisonkhanitsa yekha pang'onopang'ono, muli khadi la GTX 1060. Ku Angónia kompyutayo sinamuvutitsepo. Ankasewera mpaka usiku, m'mwezi wa Juni atavala juzi. Kuno inapirira miyezi yozizira, koma Okutobala atafika inayamba zimene mukufotokozazi. Poyamba zithunzi zinkangodukizadukiza, kenako pa sikirini pankatuluka timadontho tobiriwira ndi mizere yachilendo, mpaka tsiku lina masana inazima ali pakati pa mpikisano ndi anzake. Mnyamatayo anakhulupirira kuti khadi linawonongeka pa ulendo, chifukwa kompyutayo inayenda pa galimoto itakutidwa ndi zitenje, ndipo anayamba kale kufunsa mitengo kwa anthu amene amabweretsa katundu kuchokera ku Johannesburg.

Tinaitsegula pa tebulo la pakhonde. Kunja kwake khadi linkaoneka laukhondo, chifukwa iye ankalipukuta ndi kansalu, koma titamasula chivundikiro chimene chimagwira mafani, tinapeza fumbi litaumbana pakati pa mafaniwo ndi timapepala tachitsulo totulutsa kutentha. Linali lolimba moti linasendeka lonse pamodzi ngati kachidutswa ka bulangete, lofiirira mbali ina, lakuda mbali ina. Mafani ankazungulira ndithu, koma mpweya sunkadutsa. Titachotsa chitsulo chonsecho, thermal paste (phala lopititsa kutentha) imene imakhala pakati pa chip, mtima wa khadilo, ndi chitsulocho inali itauma, ikunyenyeka ikangokhudzidwa ndi chala. Tinapukuta, tinapaka ina yatsopano, tinabwezeretsa zonse, ndipo khadi lomwelo likugwirabe ntchito mpaka lero.

Chimene anthu ambiri sachiganizira ndi chakuti fani siipanga kuzizira. Imangotenga mpweya wa m'chipinda n'kuupemerera pa chitsulo chotentha, choncho khadi silingazizire kuposa mpweya umene likulandira. Anthu a pa YouTube amene amayesa makhadi n'kunena kuti lakutilakuti limafika madigiri 70 okha amayesera m'zipinda zozizira bwino. Ife tili m'chigwa cha Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'chipinda cha denga lamalata chopanda siling'i masana kumakhala koposa pamenepo. Ngati chipinda chanu chatentha ndi madigiri 15 kuposa chawo, khadi lanunso likwera ndi madigiri pafupifupi omwewo, lisanakumane n'komwe ndi fumbi. Makhadi ambiri akafika m'madigiri a m'ma 80 amayamba kudzichepetsera liwiro kuti adziteteze, n'chifukwa chake masewera amadukizadukiza, ndipo kutentha kukapitirirabe amazima. Kuzimako ndi chitetezo, si imfa, koma khadi limene limafika pamenepo tsiku ndi tsiku limakalamba msanga. Inu muli ku Moatize, kumene fumbi la malasha limalowa ngakhale m'nyumba yotseka mawindo, ndiye sindikukayika kuti mkati mwa khadi lanu muli zimene tinazipeza ife, mwinanso zoposa.

Komabe mlandu waukulu ndikuuika pa malonda a makhadi akale. RX 580 ndi limodzi mwa makhadi amene anagwiritsidwa ntchito kwambiri pokumba ndalama za pa intaneti za Ethereum, ndipo pa ntchito imeneyo makhadi ankayaka usana ndi usiku osapuma. Mu Seputembala 2022 Ethereum inasintha kayendetsedwe kake moti makhadi sanafunikenso, ndipo eni ake anawathira pa msika. Ambiri a iwo ndi amene akufika kwathu kuno atapukutidwa bwino kunja. Sindikunena kuti khadi lililonse lotere ndi lakufa, chifukwa chip chenichenicho chimapirira. Zimene zimatopa ndi mafani, thermal paste, ndi timapadi tofewa timene timakhala pamwamba pa memory. Wogulitsa wachilungamo amasintha zinthu zimenezi asanagulitse, kapena amanena poyera kuti sanasinthe n'kutsitsa mtengo. Amene amayatsa kompyuta kwa kamphindi, kukuonetsani kuti chithunzi chatuluka, n'kulandira ndalama, akugulitsa chinthu chimene sanachiyese, popeza khadi lodwala limaonetsa Windows bwinobwino ndipo limadzagwa likapatsidwa ntchito yolemera. Ine ndafika poti sindilola wachibale kugula khadi lakale asanalione likuyendetsa masewera kwa nthawi yotalikirapo pamaso pake, pulogalamu yoonetsa kutentha ili yotsegula. Wogulitsa akakana zimenezo, wayankha kale funso.

Pali nthawi zimene masewera anatchulidwadi pa imfa ya makhadi, ndipo wogulitsa wanu angazigwiritse ntchito podziteteza. Mu 2021 masewera a New World a kampani ya Amazon ali pa mayeso, makhadi ena a RTX 3090 opangidwa ndi EVGA anafa, koma EVGA itafufuza inanena kuti vuto linali kuwotcherera kosalongosoka pa zigawo zina za magetsi m'makhadi ochepa, ndipo inawasinthira eni ake. Mu 2010 StarCraft II inkatenthetsa makhadi pa menu chifukwa panalibe malire a zithunzi zotuluka pa sekondi, ndipo amene anavutika kwambiri anali a makompyuta osazizira bwino. M'nkhani zonse ziwirizi masewera anangoulula kufooka kumene kunalipo kale. Phunziro lothandiza limene tingatengepo ndi lakuti khadi likasiyidwa lopanda malire limathamanga ndi mphamvu zake zonse ngakhale pamene sipakufunika, kutulutsa zithunzi mazana pa sekondi pamene sikirini yanu imangoonetsa 60.

Wina akuuzani kuti mupite nalo kwa mmisiri alitenthe ndi heat gun, kapena muliike mu uvuni. Musalole. Nthawi zina khadi limadzukadi kwa kanthawi, ndipo ndi njira imene ena amadzutsira makhadi akufa kuti awagulitse, koma vuto limabwerera, ndipo khadi limene likungofunika kutsukidwa mukhoza kuliphera pomwepo.

Zimene muyenera kuyang'ana

Mwalemba kuti nthawi zina kompyuta yonse imazima, ndipo apa mpofunika kusiyanitsa. Ngati sikirini yachita mdima koma mafani akuzungulirabe mwamphamvu, kawirikawiri vuto lili pa khadi. Ngati zonse zathima nthawi imodzi, magetsi ndi mafani omwe, ndimayamba kukayikira power supply, kabokosi kamene kamapereka magetsi ku zigawo zonse za kompyuta. RX 580 yokha imadya mawati pafupifupi 185, ndipo imafuna power supply ya mawati 500 yeniyeni. Zambiri zotsika mtengo zimene zimabwera pamodzi ndi bokosi la kompyuta zimalembedwa nambala yaikulu imene sizingaifikire, makamaka zikatentha, ndipo yotere ikafa imatha kupita ndi khadi lomwe. Ndikuona kuti ndi zomvetsa chisoni kuti mnyamata amasunga ndalama miyezi yambiri kuti agule khadi, kenako n'kulilumikiza ku power supply yopepuka imene palibe akudziwa amene anaipanga, ndiponso kudzera pa timawaya tosinthira pulagi m'malo mwa waya wake weniweni wa mapini 8.

Tsono musagule khadi lina panopa. Ikani pulogalamu ya MSI Afterburner kapena GPU-Z, zonse ndi zaulere, muone kutentha pamene mukusewera komanso ngati mafani onse akuzungulira. Ngati likudutsa madigiri 85, zimitsani, zulani pulagi, chotsani khadi, ndipo mutsuke fumbi ndi burashi yofewa ndi blower, mutagwira mafani ndi chala kuti asazungulire. Thermal paste isinthidwe ndi munthu amene anachitapo kale, osang'amba timapadi ta memory. Chotsani kompyuta pansi muiike pa tebulo, kutali ndi khoma, yatsani V-Sync (imene imafananitsa zithunzi za masewera ndi liwiro la sikirini) kapena ikani malire a zithunzi 60 pa sekondi, ndipo mu Afterburner mutsitse pang'ono power limit, malire a magetsi amene khadi limadya. Miyezi yotenthayi muzisewera madzulo kapena m'mawa. Ngati mutachita zonsezi kutentha kwatsika koma pa sikirini pakuoneka timadontho ndi mizere, ndiye kuti mwina memory ya khadilo yawonongeka, ndipo khadilo mulibweze kwa amene anakugulitsani.