Kufupikitsa manambala pa foni osasokoneza alimi

Achimwene ena a ku Luchenza anditumizira imelo. Akupanga app yoti alimi ang'onoang'ono a tiyi aziona makilo a masamba amene apereka komanso ndalama zawo, koma manambala aatali sakukwana pa sikirini. Funso lawo ndi lakuti: "Ndingolemba function yanga yogawa ndi 1,000 n'kuika K kumapeto?"

Ayi achimwene, musatero. Pa Chingerezi K ameneyo amaimira 1,000, koma kwathu kuno K ndi kwacha. Mayi wa ku Thyolo akaona 49K, m'mutu mwake mubwera makwacha 49, ndipo mukaikanso chizindikiro cha ndalama kutsogolo mupeza K49K, chinthu choti ngakhale kalaliki wa pa sikelo angakande nacho mutu.

Komanso ntchitoyi ena anaigwira kale. Chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha JavaScript chili ndi chida chokonzera kalembedwe ka manambala chotchedwa Intl.NumberFormat, ndipo kuyambira ES2020 (JavaScript ya chaka cha 2020) imalola notation: "compact", yomwe imafupikitsa manambala. Malamulo ake imatenga ku CLDR, nkhokwe ya kalembedwe ka ziyankhulo zosiyanasiyana ya bungwe la Unicode Consortium, chifukwa anthu safupikitsa mofanana. Chingerezi chimati 1.2K, Chipwitikizi chimati 1,2 mil, ndi chizindikiro cha koma (,) m'malo mwa dontho (.). Zimenezi musazione patali: app yanu ikangodutsa Muloza n'kufika ku Milange, ku Mozambique, mukumana nazo. Ku India amawerenga ma lakh, omwe ndi 100,000, pomwe ku Japan amadula pa 10,000. Kugawa ndi 1,000 kuja kwagwa kale pamenepa.

Ndiye function yanu izilandira nambala yeniyeni yosakhudzidwa, locale (khodi ya chiyankhulo ndi dziko), khodi ya ndalama ngati MWK, ndipo woiitanayo azinena yekha ngati akufuna kufupikitsa. Ine ndimakonda kuti akapanda kunena, nambala izituluka yonse.

Pa Chichewa, khodi ndi ny-MW. Yambani mwafunsa supportedLocalesOf, yomwe imakuuzani ngati locale ikudziwika, chifukwa browser ikapanda kudziwa locale siidandaula, imangotembenukira mwakachetechete ku chiyankhulo cha foniyo. Zikatero gwiritsani ntchito formatToParts, yomwe imapereka nambala m'zidutswa, kenako chidutswa cha "compact" muchisinthe ndi mawu athu, kuti zituluke K2.5 miliyoni monga timawerengera m'nyuzipepala. Masauzande asiyeni momwe alili, K48,500 si nambala yaitali.

Pamene ndikufuna mutchere khutu ndi apa. Compact imazungulitsa nambala. 48,500 imasanduka 49K, 999,999 imasanduka 1M (miliyoni imodzi). Pa chiwerengero cha anthu amene aonera kanema palibe amalira, koma pa malipiro mwalonjeza mlimi K500 yomwe sakaipeza, ndipo wokafunsidwa ndi kalaliki, osati inu. Ilipo roundingMode: "trunc" ya mu ES2023 yodula m'malo mokweza, kungoti mafoni akale ambiri amene ali m'manja mwa alimi akhoza kusaidziwa, choncho muyesere pa foni yotsika mtengo, osati yanu yokha.

Fupikitsani pa tchati cha makilo a chaka chonse kapena a kalabu yonse. Pa tsamba la malipiro chepetsani zilembo kapena nambalayo ikhale pa mzere wakewake, ioneke yonse mpaka kwacha yomaliza.