Mwafunsa, Tayankha: Nyimbo za m'Mafilimu a Nkhondo Tizichonga Bwanji?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndipo akufunsa za nyimbo zimene gulu lalikulu la zida zoimbira, lotchedwa orchestra, limaimba pansi pa filimu ya nkhondo. Tasankhapo asanu.

FUNSO: Tinaonera Saving Private Ryan ndi anzanga ndipo tinakangana mpaka usiku. Mnzanga akuti wopeka nyimbo anachita ulesi, chifukwa pamene asilikali akutsika m'maboti n'kumawomberedwa pagombe palibe nyimbo ngakhale pang'ono. Ine ndikuona kuti zili bwino, koma chifukwa chake chikundivuta kufotokoza. Akulondola ndani? (Wophunzira, Luchenza)

YANKHO: Achimwene, olondola ndinu. Filimu ikatha kujambulidwa ndi kulumikizidwa, wotsogolera filimuyo ndi wopeka nyimbo amakhala pansi n'kuionera limodzi, kumaimitsa pafupipafupi, kugwirizana kuti nyimbo ilowe pa sekondi yakuti, ituluke pa sekondi yakuti. Ntchito imeneyi amaitcha spotting, ndipo malo opanda nyimbo amasankhidwanso pomwepo. Pa filimu ya mu 1998 imeneyi, Steven Spielberg ndi John Williams anachitira dala kusiya nkhondoyo yopanda nyimbo. Gawo la pagombe la Omaha ku France, losonyeza za pa 6 June 1944, limapitirira mphindi 20, ndipo chimene khutu limalandira ndi injini za maboti, mafunde, zipolopolo zikugunda zitsulo ndi anthu akukuwa.

Zifukwa zake n'ziwiri. Nyimbo imakhala ndi kagundidwe kake, choncho khutu limadziwiratu chimene chikubwera ndipo mtima umakhazikika. Msilikali wa pagombe uja sankadziwa kuti chipolopolo chichokera kuti, ndiye mukamuikira nyimbo mwamuchotsera woonera mantha omwewo. Chachiwiri n'cha umisiri: mabomba ndi mfuti zimadzaza malo omwewo amene ng'oma ndi malipenga zimamvekera, moti zikaphatikizidwa zimaphana, pamangotsala chiphokoso.

Mukaionerenso, tcherani khutu pamene mayi wa anyamata a banja la Ryan akuona galimoto ya boma ikubwera pakhomo, akhala pansi pakhonde miyendo itamuthera mphamvu. Pamenepo nyimbo ilipo, yapansipansi. Nyimbo yaikulu ya filimuyi, yoimbidwa ndi Boston Symphony Orchestra pamodzi ndi kwaya yopanda mawu, imadikira mpaka kumapeto maina akukwera. Kwaya yodziwa ntchito pamaliro siyambitsa nyimbo mwinimbumba ali m'kati molankhula, imadikira amalize. Wopeka wabwino ali ndi khutu lomwelo.

FUNSO: Ndimaphunzitsa kwaya ndipo pa mipikisano timakhala ndi pepala lochongera. Kodi nyimbo za m'filimu n'zotheka kuzipatsa malikisi mwachilungamo, osangoti "zandisangalatsa"? (Mphunzitsi wa kwaya, Chisitu)

YANKHO: N'zotheka, aphunzitsi, bola musachonge nyimboyo payokha ngati ya pa wailesi. Inalembedwa kuti itumikire chithunzi, ndiye ichongedwe chithunzicho chili pamaso.

Sankhani magawo atatu a mphindi zitatu kapena zisanu: limodzi nkhondo isanayambe, lina m'kati mwa nkhondo, lina munthu atafa. Gawo lililonse mulionere katatu. Koyamba monga mwa masiku onse. Kachiwiri tsekani mawu onse, muone zimene nkhope za osewera zikukuuzani pazokha. Kachitatu tsegulani mawu koma mutseke maso, muzitchula zida zimene mukuzimva. Pambali pakhale pepala lolembapo mphindi ndi sekondi imene nyimbo yalowa ndi imene yatuluka. Mukatsegula mawu n'kupeza kuti nyimbo yangobwereza zimene nkhope inanena kale, ndiye kuti siinaonjezepo kanthu. Ikakuuzani chimene chithunzi chinabisa, monga mantha a mkulu wa asilikali amene kumaso akuoneka wolimba, pamenepo yagwira ntchito.

Pa malikisi 10, ife timapereka anayi ku kalowedwe ndi katulukidwe. Apa ndi pamene mafilimu ambiri amagwera. Mavayolini amayamba kulira munthu asanawomberedwe, ndiye woonera wadziwa kale kuti uyu afa. Kapena ng'oma zimagunda mwamphamvu kuyambira mphindi yoyamba, moti pofika pankhondo yeniyeni palibenso pokwera. Chotsani chimodzi pa cholakwa chilichonse chotere.

Atatu apite ku mutu wa nyimbo, kaja kamene kamabwerabwera m'filimu yonse. Funso si lakuti n'kokoma, koma lakuti kodi kakusintha pamene nkhani ikusintha. Mutu umene unayamba ndi malipenga anyamata akunyamuka kwawo, ukabwerera kumapeto pa cello imodzi (chivayolini chachikulu cha mawu apansi), pang'onopang'ono, mawu ena atadukamo, wanena zonse za amene sanabwerere. Kutalika kwake si nkhani. Mu All Quiet on the Western Front ya mu 2022, Volker Bertelmann anagwiritsa ntchito manoti atatu okha, oimbidwa pa limba lakale lopopa ndi mapazi, n'kuwakuza mpaka kumveka ngati chimakina. Anapata nawo mphoto ya Oscar mu 2023. Ena amadana nawo, amati sakugwirizana ndi nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Ife tikuona kuti ndi oyenera, chifukwa filimuyo ikusonyeza nkhondo ngati chigayo chopera achinyamata, ngakhale tingachotse chimodzi poti amabwerera mofanana kwambiri.

Awiri ndi a kasankhidwe ka zida. Pano khutu lanu la kwaya likuthandizani, pakuti zida za zingwe zimagawidwa ngati mawu a anthu: mavayolini pamwamba, viola pakati, cello pa tenala, double bass pansi penipeni. Onani ngati wopeka akudziwa kuchepetsa. Mu Schindler's List ya mu 1993, mutu waukulu uli pa vayolini imodzi ya Itzhak Perlman, gulu lonse likungomuchirikiza chapansi. Filimu yonena za imfa ya anthu mamiliyoni, koma chisoni chaikidwa m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo n'chifukwa chake chimalowa mumtima.

Lotsalalo ndi la kasakanizidwe: kodi mawu a osewera akumveka nyimbo ikulira?

Chenjezo limodzi. Musampatse wopeka malikisi a nyimbo yobwereka. Nyimbo yachisoni imene ambiri amaikumbukira mu Platoon ya mu 1986 ndi Adagio for Strings ya Samuel Barber, yolembedwa m'zaka za m'ma 1930. Ya mahelikopita mu Apocalypse Now ya mu 1979 ndi ya Richard Wagner, ndipo m'nkhanimo asilikaliwo ndi amene akuiliza pa masipika awo. Zoterezi ziyamikidwe ngati kusankha kwabwino kwa wotsogolera filimu, pa pepala lina.

FUNSO: Ndimawerenga kuti nyimbo za filimu yakuti n'zamphamvu, koma ndikabenetsa n'kuonera pa foni ndimangomva tizingwe tolira ngati udzudzu. Ndikaika pa sabufa kumangomveka kugunda. Vuto ndi makutu anga? (Wochita malonda, Limbuli)

YANKHO: Makutu anu ali bwinobwino, bambo. Vuto layambira pa fayilo. Mawu a filimu ya maola awiri, atasungidwa pa 128 kbps (muyeso wa deta ya mawu pa sekondi), paokha amadya pafupifupi 115 MB. Tsono filimu yonse ikapanikizidwa mpaka 200 kapena 300 MB kuti ikwane pa memori khadi, mawu ndiwo amayamba kudulidwa, mwina kufika pa 64 kbps kapena kutsikirapo, nthawi zina n'kuphatikizidwa kukhala njira imodzi yopanda kumanzere ndi kumanja. Mavayolini amayamba kumveka ngati madzi akuwira ndipo kwaya imasanduka mphepo. Pobenetsa pemphani fayilo yaikulu, ya 1 GB kupita m'tsogolo. Mafilimu omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ ndi abwino potsatira nkhani, koma nyimbo simungaichongerepo, chifukwa womasulira akamalankhula mawu ena onse amatsitsidwa.

Kenako foni. Chingwe chotsikitsitsa cha double bass chimanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi, pamene kasipika ka foni kamayamba kulephera kale mawu akatsika kufika m'ma 300. Theka la pansi la gulu lonse, kuphatikizapo lipenga lalikulu la tuba ndi ng'oma zazikulu za timpani, silikufikani mokwanira, ndipo m'filimu ya nkhondo mantha amakhala kumeneko. Mahedifoni a waya, ngakhale otchipa, amaposa sipika ya foni kutali.

Sabufa vuto lake n'lotembenuka. Ambiri timakhotetsa kabatani ka besi mpaka kumapeto monga timachitira ndi nyimbo zovina. Kabwezereni pakati. Chibokosicho chichoke pangodya ya chipinda, chifukwa ngodya imakuza besi mpaka malata ndi mawindo kuyamba kulira nawo. Masipika awiri aang'onowo akhale pa msinkhu wa makutu anu mutakhala pansi, motalikirana pafupifupi mamita awiri, inunso mukhale mamita awiri kuchokera pa iliyonse. Voliyumu muiyezere pa anthu akamalankhula, ikhale ngati munthu akulankhula nanu m'chipindamo, ndipo musaikhudzenso. Nyimbo zimenezi zinalembedwa kuti zichoke pa kanong'onong'o kufika pa chigumula, ndiye mukamakweza ndi kutsitsa ndi rimoti mukufafaniza ntchito ya wopeka. Ndipo mvula ya ku Mulanje ikamagwa pamalata, dikirani ikate, magawo apansipansi simungawamve.

FUNSO: Poonera Dunkirk mtima unkangothamanga kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anachita bwanji? Ndipo ndi anthu enieni akuimba kapena kompyuta? (Namwino, Bvumbwe)

YANKHO: Mayi, m'filimu ya mu 2017 imeneyo Hans Zimmer anamanga nyimbo pa kugunda kwa wotchi ya wotsogolera filimuyo, Christopher Nolan, n'kuonjezapo njira yotchedwa Shepard tone. Mawu ofanana amaikidwa m'mizere ingapo, wina pamwamba pa unzake, yonse ikukwera. Wapamwamba ukamazimirira, wina ukubadwa pansi mwakachetechete, ndiye khutu limamva ngati nyimbo ikukwerabe osafika. Mpumulo umabwera maboti aang'ono odzapulumutsa asilikali akamaonekera, pamene pamamveka nyimbo ya Nimrod ya Edward Elgar, ya mu 1899, itachedwetsedwa kwambiri.

Muli zonse ziwiri, anthu ndi makina, monganso m'mafilimu ambiri a masiku ano. Gulu lathunthu limakhala ndi anthu 60 mpaka 100, oposa theka ali pa zida za zingwe. Pofuna kusiyanitsa, mverani noti yaitali ya lipenga kapena chitoliro: munthu amapuma, ndipo mpweyawo umamveka pang'ono. Mverani noti imodzi yobwerezedwa mofulumira: ya anthu imasiyana pang'ono ulendo uliwonse, ya kompyuta yosakonzedwa bwino imatuluka chimodzimodzi. Makina paokha si chifukwa chochotsera malikisi. Chotsani pokhapokha ngati akunamizira vayolini n'kulephera.

FUNSO: Malemu bambo anga anamenya nawo nkhondo ku Burma m'gulu la King's African Rifles. Lipenga limodzi likalira m'filimu ndimakumbuka mwambo wa mu November pa chipilala cha ku Zomba. N'chifukwa chiyani opanga mafilimu amalikonda chonchi? Nanga nyimbo zathu sizingakwane m'filimu yotere? (Agogo, Thekerani)

YANKHO: Agogo, zikomo polemba. Lipenga la asilikali lenileni lilibe mabatani, woimba amasintha mawu ndi milomo yokha, choncho limatulutsa manoti pafupifupi asanu. Khutu likangomva manoti ochepawo, otalikirana choncho, limadziwa kuti tili ku kampu kapena kumanda a msilikali. Opeka amatengera kapangidwe kameneko n'kukapereka kwa malipenga a mu orchestra, trumpet kapena French horn. Chimene mumamva ku Zomba ndi Last Post, ya mwambo wa asilikali a ku Britain ndi maiko amene anali pansi pake. Asilikali a ku America ali ndi yawo yotchedwa Taps, ya manoti 24. Filimu ikasokoneza ziwirizi, yalakwitsa mbiri ndipo ichotseredwe malikisi.

Ng'oma yaing'ono ya perete nayonso ili ndi muyeso: kuguba kwa masiku onse ndi masitepe pafupifupi 120 pa mphindi. Wopeka akaichedwetsa kufika theka lake, n'kuiphimba kuti isalire mokweza, imasanduka ya maliro. Ngakhale likhweru limagwira ntchito. Mu The Bridge on the River Kwai ya mu 1957, yonena za akaidi omanga njanji ya ku Burma, akaidiwo amalowa mu kampu akuimba mluzu Colonel Bogey, nyimbo yogubira ya mu 1914, ali ndi nsanza ndi nsapato zong'ambika. Malcolm Arnold analemba nyimbo ina yoilandira pa orchestra, ndipo anapata Oscar.

Komabe lipenga limodzi lagwiritsidwa ntchito mopitirira, moti ena amangoliponya paliponse pamene pagwa munthu. Likabwera nkhani isanatipatse chifukwa chomulirira munthuyo, n'chinyengo.

Za nyimbo zathu, zikukwana kwambiri, ndipo zina zinabadwira m'nkhondo momwemo. Beni wa Ayao, mganda wa m'chigawo chapakati ndi malipenga a ku Nkhata Bay ndi magule otengera perete ndi bandi ya asilikali, mpaka maudindo ndi yunifolomu, ndipo m'magule awiri omalizawa malipenga oimbira ndi a zikho. Wina akadzapanga filimu ya nkhondo ya ku Karonga ya mu September 1914, kapena ya amtengatenga amene ankasenza katundu wa asilikali, sakufunika anthu 80. Zida za zingwe 12, lipenga limodzi, ng'oma ziwiri ndi amuna asanu ndi atatu oimba molandizana n'zokwanira. Chovuta chidzakhala pa kachunidwe: zikho ndi ng'oma zathu sizitsata manoti a piyano ndendende, ndiye zijambulidwe poyamba, kenako azingwe achune potsatira izo. Akayamba ndi azingwe, zikhozo zidzamveka ngati zaphonya, ndipo wosakaniza adzazitsitsa mpaka kuzimiririka.