Adaputala ya sailensa yakana kuchoka pa mfuti ya mpweya

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Chinamwali: "Ndili ndi mfuti ya mpweya, ija yothyola pakati, yomwe ndimaphera makoswe ku khola la nkhuku. Ndinagula kwa mnzanga. Kukamwa kwa mpope kuli adaputala yomangirapo sailensa (chochepetsa phokoso la mfuti), koma inapindika moti kachipolopolo kamakhudza m'mphepete potuluka. Ndagula ina, koma yakaleyo yakanirira. Ndathira WD-40 masiku atatu, ndayesa pulayazi, osatheka. Mnzangayo akuti anathirapo Loctite. Kodi ndipite nayo kwa owotcherera?"

Kwa owotcherera musapite nayo, bambo. Moto wa gasi umene amadulira zitsulo umapitirira madigiri 3,000, pomwe inu mukungofuna 250. Adzakuchotserani ndithu, koma mpope mudzabwera nawo wosintha mtundu.

WD-40 ija mwangotaya. Loctite si dzimbiri. Ndi timadzi tomwe timauma tikatsekeredwa pakati pa zitsulo ziwiri pomwe mpweya sufika, n'kusanduka pulasitiki yodzaza mathiredi onse, ndiye mafuta alibe polowera. Poti yakana pulayazi, mwina ndi Loctite yofiira imeneyo, ya nambala 271 kapena inzake. Yabuluu, 243, imagonja ndi sipanala wamba. Yofiira eni ake a Henkel amanena okha kuti muitenthetse mpaka pafupifupi madigiri 250, n'kumasula ikadali yotentha. Anthu amathira yofiira pa kanthu kakang'ono ngati aka chifukwa ndi yomwe inatsala m'botolo atakonza galimoto, osaganizira amene adzamasule mawa. Zimandipsetsa mtima.

Koma musanatenthetse chilichonse, funani kasikuluwu. Apa ndi pomwe ndimayambira nthawi zonse, ndipo mfuti zambiri zomwe zimafika pa benchi panga nkhani imathera pomwepa. Mfuti zambiri zothyola pakati sizikhala ndi mathiredi kukamwa kwa mpope. Adaputala amangoiveka ngati mphete, n'kuimanga ndi tisikuluwu topanda mutu, kamodzi, tiwiri, mwina titatu. Mathiredi a saizi ya 1/2 UNF amene mukuwaona kutsogolowo ndi a sailensa, si a mpope. Ngati yanu ili choncho, kupotokola konse mwachita kuja kunali kukwekweza nsonga ya kasikuluwu pa mpope. Munthu wina wa ku Matawale anandibweretsera yake itakandika mzere wozungulira mpope wonse, ngati wadula ndi mpeni, chifukwa cha kasikuluwu kamodzi kamene sanakaone.

Pukutani bwinobwino, yatsani tochi ya foni, ndipo yendetsani chikhadabo mozungulira adaputala yonse, makamaka kunsi kumene maso safika. Kadzenje kake kamadzaza litsiro, penti kapena Loctite yomweyo, n'kuoneka ngati chitsulo chosalala. Tokosani ndi singano mpaka makona onse 6 aoneke. Mukachotsa kasikuluwu koyamba musathamange, suzumiraninso m'dzenjemo, chifukwa ena amaika tiwiri, kena pamwamba pa kanzake.

Allen key, kiyi wa makona 6 womasulira tisikuluwuti, nayo samalani nayo. Ya 1.5 mm ndi ya 1/16 inchi zimafanana kwambiri pamaso, koma 1/16 ndi pafupifupi 1.6 mm. Mukaika ya 1.5 m'dzenje la 1/16 imagwedera pang'ono, ndipo mukangokakamiza makona atha. Onjezani apo tima Allen key totchipa tomwe amagulitsa pa mulu mumsika, tofewa ngati waya, mwapeza ntchito yoboola ndi dirilo. Kiyi alowe mothina mpaka pansi. Kasikuluwu kakakana, gundikani nsonga ya soldering iron, kachitsulo kotentha kolumikizira mawaya, pamutu pake mphindi ziwiri, kenako yesaninso.

Tisikuluwu tachoka, kapena mwatsimikiza kuti kulibe, tsopano kutentha. Heat gun, makina opemerera mpweya wotentha kwambiri, ndiyo yoyenera. Hair dryer siyifikako, madzi owira sapitirira 100, ndipo kuno ku Zomba, poti ndi kumtunda, amawira asanafike n'komwe pa 100. Chotsani choyang'anira cha pulasitiki chomwe chili kutsogolo. Panani mpope mu vayisi pakati pa timatabwa tiwiri, pafupi ndi adaputala, osati kugwira ku chogwirira chamtengo cha mfuti, kuopa kupotokola mpope pomwe umalumikizana ndi mfuti. Lozetsani mpweya wotenthawo pa adaputala, mukuzungulira. Ngati ndi ya aluminiyamu mwapindula, chifukwa ikatentha imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo, ndiye imayamba yokha kutaya mpope. Mukamva kafungo kowawa ndi kuona kautsi, kulungani chikopa cha lamba wakale, gwirani ndi sipanala, potokolani nthawi yomweyo. Ikazizira imagwiranso. Chitsulo choyera chikayamba kuoneka chabuluu, lekani, mwapitirira.

Ikangokanabe ili yotentha, yesani kamodzi kumbali inayo, chifukwa mathiredi akumanzere aliko ngakhale sapezekapezeka. Nyundo ayi. Milomo ya mpope ikangophwanyika pang'ono, mfutiyo sidzalasanso pomwe mwaloza.

Kwa ena amene muli ndi mfuti za thanki, za PCP, musayerekeze kuyandikiza kutentha thanki ili yodzaza. Mumakhala mpweya wopanikizika kwambiri mmenemo, wa 200 bar kapena kuposa. Tulutsani wonse kapena chotsani thankiyo kaye.

Zotsalira za Loctite palani ndi burashi ya mkuwa, pukutani ndi acetone. Pa yatsopanoyo kadontho kamodzi ka 243 kakwana, ndipo pa tisikuluwu 222 yapepo ndiyo yabwino. Musanathire, ivekeni youma, thyolani mfuti, suzumirani kuchokera kumbuyo mutaloza kowala. Bowo la adaputala likhale pakatikati pa bowo la mpope. Zotchipa zambiri amaziboola mokhota kufakitale komweko, ndipo ndikukayikira ngati yakale yanuyo inapindikadi. Yatsopanoyo ikaonetsa mthunzi mbali imodzi, kabwezeni komwe munagula.