Mphaka wanga wasiya kudya: ndidikire kapena ndipite naye kwa dokotala?

FUNSO

Alangizi, ndili ndi mphaka wamwamuna wa zaka 4, dzina lake Kambuku. Lachisanu usiku tinamva amphaka akumenyana panja, ndipo m'mawa mwake anabwera ali bwinobwino, kungoti ankatsimphina pang'ono. Loweruka ndi Lamlungu anadya monga mwa masiku onse. Koma kuyambira Lolemba sakulawa kanthu. Amangonunkhiza chakudya n'kutembenuka, kenako n'kukalowa kunsi kwa bedi. Thupi lake latentha, ndipo ndikamugwira chakumchira amandikalipira, zimene sanachitepo chiyambire. Chondisokoneza n'chakuti ndikamusisita kumutu amachitabe kaphokoso kake ka pakhosi kaja ngati zonse zili bwino. Abambo akunyumba akuti ndimusiye, mphaka amadzichiza yekha ndi udzu. Ine ndimaganiza zomupatsa theka la panado ndi mkaka wofunda. Lero ndi Lachitatu. Ndidikire masiku angati?

Mayi ake a Kambuku

YANKHO

Mayi, kalata yanu nditaiwerenga sindinadikire tsiku lotulutsa tsamba lino. Ndinakuyankhani pomwepo kuti panadoyo musamupatse, ndipo mupite naye kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Pano ndifotokoze chifukwa chake, poti funso lanuli ndi la anthu ambiri.

Ndiyambe ndi panado, chifukwa ndi amene anandidetsa nkhawa kwambiri. Mankhwala a paracetamol amene ali mu panado, chiwindi cha munthu chimatha kuwasungunula n'kuwatulutsa m'thupi popanda vuto. Chiwindi cha mphaka sichitha. Kwa iye mankhwalawo amasanduka poizoni amene amawononga maselo ofiira a magazi mpaka kulephera kunyamula mpweya. Pakangotha maola ochepa nkhama zimadera ngati chokoleti, nkhope ndi mapazi zimatupa, ndipo mphaka amayamba kubanika. Piritsi limodzi la mamiligalamu 500 likhoza kupha mphaka wamkulu, ndipo theka lijanso si laling'ono kwa kanyama ka makilogalamu 4. Ibuprofen ndi aspirin nawonso asakhudze pakamwa pake, amawononga impso ndi kuyambitsa zilonda m'mimba. Amene wamwetsa kale mphaka panado athamange naye, chifukwa mankhwala othetsa poizoniyu alipo, koma amathandiza kwenikweni m'maola oyambirira. Mkaka ndiye siwoopsa chonchi, kungoti amphaka ambiri akakula sagaya bwino shuga wa mumkaka wa ng'ombe. Amatsegula m'mimba, ndiye thupi limene likusowa kale madzi limaumiratu.

Abambowo sindikuwatsutsa zonse. Udzu amphaka amadyadi, koma amadya ngakhale athanzi, ndipo sunachizepo chotupa. Chimene chimatipusitsa n'chakuti mphaka amabisa matenda. Ndi mlenje, inde, koma ndi kanyama kakang'ono kamene nakonso kamagwidwa ndi zilombo zazikulu, choncho chibadwa chake n'chosaonetsa kufooka. Galu akadwala nyumba yonse imadziwa. Mphaka amangochepetsa zochita: salumphiranso pawindo pamene amakonda, ubweya umanyankhalala chifukwa wasiya kudzinyambita, amasintha pogona. Ambiri amachiradi okha ku timatenda tating'ono ife osadziwa n'komwe kuti anadwala. Ndiye tsiku limene mwaona ndi maso kuti uyu wadwala, dziwani kuti anayamba kale. Kaphokoso ka pakhosi kajanso musakadalire. Mphaka amakachita akasangalala, koma amakachitanso akamamva ululu, pobereka, ngakhale atatsala pang'ono kufa.

Za Kambuku, kalata yanu inali itanena kale zonse. Mano a mphaka ndi osongoka ngati singano. Akaluma mnzake, kabala kamatsekeka msanga pamwamba, tizilombo n'kutsekeredwa mkati. Masiku awiri kufikira anayi zimaoneka ngati palibe chachitika, kenako mafinya amadzaza, thupi limatentha, chilakolako cha chakudya n'kutha. Mphaka amene amathawa pa ndewu amalumidwa chakumchira, wolimba mtima amalumidwa kumaso ndi miyendo yakutsogolo. Mwandiuza kuti dokotala atameta ubweya pamwamba pa mchira anapeza timabowo tiwiri ndi chotupa chofewa, kutentha kwa thupi kuli pa madigiri 40.2. Anachiboola, kuchitsuka, kumubaya jakisoni, ndipo usiku womwewo Kambuku anapempha chakudya. Ndasangalala nanu, mayi. Chatsala ndi katemera wa chiwewe, poti chimene chinamuluma simunachione. Muwafunse a dokotala ngati wake akadali m'nthawi yake. Mphaka amalandira katemerayu kuyambira ali ndi miyezi 3. Ndipo aliyense amene mphaka wake wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu, akulephera kumeza, asamupise chala m'kamwa kufuna fupa, chifukwa chikhoza kukhala chiwewe. Amutsekere m'chipinda n'kuitana a zaziweto. Munthu wolumidwa atsuke balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Munafunsa za masiku odikira. Mphaka wamkulu akatha maola 24 osalawa kanthu, imbirani foni dokotala. Akafika maola 48, musaimbenso, nyamukani. Njala mwa mphaka imabala nthenda yakeyake. Thupi likasowa chakudya limatumiza mafuta ku chiwindi kuti chiwasandutse mphamvu, koma chiwindi cha mphaka chimalemedwa nawo mafutawo mpaka kulephera kugwira ntchito. Maso, nkhama ndi mkati mwa makutu zimachita chikasu. Anthu amati wonenepayu ali ndi pogwira, adikire. Wonenepayo ndi amene ali pangozi yaikulu. Tiana ta mphaka ndiye sitiwerengera masiku. Kamwana kosakwana miyezi 3 kakakana chakudya kawiri motsatizana, kapena kakamasanza n'kutsegula m'mimba, musagone nako, chifukwa shuga ndi madzi zimatha msanga m'kathupi kotero.

Pali chizindikiro china chimene ndikufuna eni amphaka aamuna achisunge pamtima, chifukwa ine chinandilanda mphaka. Papita zaka zambiri koma ndimamuonabe m'maso. Anali wofulidwa, wonenepa bwino, wofatsa. Madzulo ena ndinamuona akulowa m'beseni lake la mchenga, kunjuta, kuchima, kutuluka, posakhalitsa n'kubwereranso. Anatero kasanu kapena kuposa. Akatuluka ankadzinyambita kunsi kwa mchira uku akulira kulira kwina kotsika kumene ndinali ndisanakumvepo. Mumtima ndinati wadzimbidwa, mawa achita. Sindinagwade kuti ndiuone mchengawo. Ndikanagwada ndikanaona kuti unali wouma, munali timadontho titatu tofiirira basi. Tsiku lachiwiri anasanza, n'kukagona chammbali pa simenti yozizira. Pofika kwa dokotala chikhodzodzo chake chinali chitalimba gwa ngati mwala, ndipo anandigwiritsa ndi dzanja langa kuti ndimve. Njira ya mkodzo ya mphaka wamwamuna ndi yopyapyala kwambiri, moti timiyala tonga mchenga ndi zonanda zochokera m'chikhodzodzo zimaitseka mosavuta. Mkodzo ukalephera kutuluka impso zimaima, mchere wa potaziyamu umachuluka m'magazi mpaka mtima kusokonezeka. Masiku awiri kapena atatu ndi okwanira kupha. Anamulowetsa kapaipi, mkodzo wamagazi unatuluka, koma mtima unali utatopa kale. Anafa usiku womwewo. Ndikanapita naye madzulo oyamba aja, mwayi woti apulumuke unali waukulu. Choncho mphaka wamwamuna akamachima popanda chotuluka, kaya ndi usiku kaya ndi tsiku la tchuthi, musayese kusiyanitsa nokha ngati ndi chimbudzi kapena mkodzo, ndipo musamufinye mimba.

Kupuma nakonso sikudikira. Mphaka akagona tulo, yang'anani nthiti zake. Kukwera ndi kutsika muwerenge kamodzi. Werengani kwa masekondi 30, muchulukitse kawiri. Wathanzi kawirikawiri sapitirira 30 pa mphindi. Mukapeza 40 kapena kuposa, muwerengenso, ndipo zikakhala chimodzimodzi pitani naye. Galu amapuma wefuwefu lilime lili panja ndipo sitidabwa, koma mphaka akamapumira pakamwa atangokhala, mtima kapena mapapo zili pamavuto. Wotere musamupanikize pomunyamula. Chimodzimodzi amene miyendo yakumbuyo yafa mwadzidzidzi n'kuzizira, amene akuphupha, amene wagundidwa ndi galimoto ngakhale akuyenda, ndi amene mukumuganizira kuti wadya mankhwala a makoswe. Ambiri mwa mankhwala amenewa amalepheretsa magazi kuundana, ndipo zizindikiro zimaoneka patatha masiku 3 mpaka 5, pamene magazi ayamba kale kutayikira mkati. Mukaona ulusi ukulendewera kukamwa kapena kumbuyo, musaukoke, ukhoza kucheka matumbo.

Zina mukhoza kuyeza ndi manja anu musanaimbe foni, ndipo dokotala zimamuthandiza. Kwezani mlomo muone nkhama. Zathanzi zimakhala zofiirira mwa pinki ndi zonyowa. Dinikizani ndi chala, pamayera, ndipo mtundu uyenera kubwerera masekondi 2 asanathe. Zotuwa, zachikasu kapena zabuluu ndi uthenga woipa, ndipo zomata ngati ulimbo zikusonyeza kuti madzi achepa m'thupi. Tsinani pang'ono chikopa cha pakati pa mapewa n'kuchisiya. Chikabwerera mwaulesi kapena kuima chilili, mphakayo wauma. Kutentha kwa thupi lake kumakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39.2, choncho mukamukhudza amamveka wofunda kuposa inu ngakhale ali bwino. Mphuno youma kapena yonyowa siuza kanthu.

Sikuti chilichonse n'chothamangira. Mphaka amene wasanza kamodzi, mwina ubweya umene anameza podzinyambita, kenako n'kumadya ndi kusewera, ingomuyang'anirani. Wachimfine, amene akuyetsemula, mamina ali chuu, manthongo m'maso, koma akudya ndi kumwa, mukhoza kumusamala pakhomo masiku angapo. Chinsinsi chake chili pa mphuno. Mphaka amadya ndi fungo, ndiye mphuno ikatsekeka chakudya chimakhala ngati palibe. Muzimupukuta mphuno ndi maso ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, diso lililonse mbali yake ya kansaluko. Chakudya chikhale chofewa, chofunditsa pang'ono kuti fungo lituluke, chopanda anyezi kapena adyo, chifukwa ziwirizi zimawononga magazi a mphaka. Ine ndimapaka pang'ono pachala n'kumuyandikizira, nthawi zina pa phazi lake lakutsogolo, chifukwa mphaka salola phazi lakuda, amanyambita basi, ndipo kunyambita koyambako kumadzutsa njala. Musamukanule kukamwa n'kuthiramo madzi ambiri, angalowe m'mapapo. Muikireni pogona pofunda, pabata, madzi ndi mchenga zili pafupi, ndipo atalikirane ndi amphaka anzake poti chimfinechi chimapatsirana. Akasiya kudya, diso likatsekeka kapena kuchita mtambo, nthawi yosamala pakhomo yatha.

Pali matenda enanso amene sathamangitsa usiku koma safuna kuzengereza. Mphaka wokalamba amene wayamba kumwa madzi ambiri, kukodza pafupipafupi ndi kuwonda, kawirikawiri vuto limakhala impso, shuga kapena chithokomiro. Ameneyo mukamuyezetse magazi sabata yomweyo.

Ndikudziwa kuti chimene chimagwira anthu ambiri miyendo ndi ndalama. Imbani foni, fotokozani zimene mwaona, ndipo nenani poyera zimene mungakwanitse. Madokotala ambiri amakuuzani choyamba kuchita n'chiti, chimene chingadikire n'chiti. Chotupa cha Kambuku chinangofuna kutsuka ndi jakisoni. Chikanakhala sabata ina chikanaphulika chokha n'kusiya bala lalikulu lofuna kusoka. Popita, mukulungeni m'thaulo, mumuike m'katoni yoboola timabowo kapena m'basiketi yotseka, chifukwa mphaka wodwala akadzidzimuka panjira amathawa osabwerera. Ngati akuchita zachilendo mujambuleni pafoni, poti akafika kwa dokotala mantha amamuchititsa kuoneka ngati wathanzi.

FUNSO

Alangizi, ndinagula mankhwala a utitiri othira pakhosi pa galu wanga ndipo atsalako. Kodi ndingathire timadontho tochepa pa mphaka? Utitiri wake ndi womwewo.

Wowerenga wanu wa nthawi zonse

YANKHO

Achimwene, utitiriwo ndi womwewodi, koma mankhwalawo musathire. Ambiri mwa mankhwala a agalu othira pakhosi muli permethrin, amene chiwindi cha mphaka chimalephera kumuchotsa m'thupi. Timadontho tochepa tomweto timachititsa mphaka kunjenjemera makutu ndi nkhope, kuchucha dovu, kudzandira, mpaka kuphupha. Werengani pa paketi, ndipo mugule olembedwa kuti ndi a amphaka, molingana ndi kulemera kwake. Ngati galu ndi mphakayo amagona limodzi kapena kunyambitana, alekanitseni masiku atatu mukathira galuyo. Zikachitika mwangozi, musambitseni mphakayo msanga ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wamadzi wotsukira mbale, mumupukute aume, ndipo mupite naye kwa dokotala mutatenga paketi ya mankhwalawo.